Dziko la Pamela

Madzulo alionse amai amayala cisaka pakhomo, n'kukhala pansi atatambasula miyendo, thumba la unga lili pambali. Kudzanja lamanja kumakhala kapu yobiliwila imene inathyoka cogwilila kale-kale, kumanzele mtolo wa timapulasitiki. Kutapa, kugwedeza pang'ono, kuthila, kumanga mfundo. Pamela mmodzi watha. Caka conse ca 2024 nchito yanga pa ola limeneli inali kugwila tochi ya foni, cifukwa malaiti anali atayenda.

Amene munakulila ku mayadi mwina simumudziwa pamela. Ni kaunga ka m'pulasitiki kokwanila kuphika nsima kamodzi, banja likakhala locepa. Ise a mu komboni timamudziwa monga m'bale. Pa kantemba ka amai cinthu ciliconse cili na pamela wake: saladi wa m'kabotolo, shuga woyeza na supuni, sopo wodula pakati, malasha okwanila kuwilitsa poto imodzi. Ngakhale intaneti timagula ya tsiku limodzi, mayuniti a malaiti timagula a K20. Palibe amene amagula za mwezi. Timagula za lelo, mawa tidzaona.

Usiku wina nili cigwilile tochi, n'nayamba kuwelengetsa. Caka cimeneco thumba la bulekifasi la makilo 25 linapitilila K300. Amai anali kutulutsamo mapamela pafupi-fupi 40, aliyense K10. Phindu lawo linali kuthela mu mapulasitiki na m'nkhongole za aneba amene amati adzalipila mwezi ukatha. Koma amene anan'khudza mtima ni wogula. Mayi wa kuseli kwa nyumba yathu, amene amacapa zovala ku mayadi, amagula pamela tsiku lililonse. Pomatha thumba limodzi amakhala atalipila K400, pomwe bwana wake wogula thumba lathunthu mu shopu yaikulu walipila zocepa. Umphawi ni wodula. Amene alibe ndiye amalipila zambili.

N'nawauza amai zimenezi monga munthu amene watulukila cinthu catsopano. Sanatukule na mutu omwe.

“Iwe unacita kupita ku koleji kuti udziwe ivi? Unika bwino apa, niona monga nataya unga.”

Atate anabadwa mu October 1964 ku mudzi wina wa ku Katete. Tsiku leni-leni ngakhale agogo sanali kulikumbukila, conco timawakondwelela pa 24, pamodzi na dziko. Iwo amakonda kunena kuti iwo na Zambia ni amapasa. Amai amayankha kuti n'cifukwa cake onse awili sacoka m'nkhongole.

Anabwela ku Lusaka ali mnyamata, anaphunzila umakanika, n'kulowa nchito pa kampani ina ya boma. Pa malipilo a caka coyamba anagula njinga ya Eagle, yakuda, yolemela monga ng'ombe. Njinga zimenezo zinali kupangidwa ku Chipata, pa fakitale ya Luangwa Industries. Akayamba kukamba za masiku amenewo amawelenga pa zala monga mwana wa giledi 3. Mabatile ku Mansa. Mabotolo ku Kapiri Mposhi. Nsalu ku Kafue na ku Kabwe. Mamotoka a Fiat ku Livingstone. Zinanazi za m'zitini ku Mwinilunga. Ndeke yathu yaikulu yochedwa Nkwazi inali kutela ku London na ku New York. Pamene kwacha inayamba mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola ya ku America.

Nili mwana n'nali kumva izi monga nthano za kalulu. Nitakula zinayamba kunikwiyitsa. Kale, kale, kale. Kale sadya. Ine n'nabadwa mu 1998, n'napeza zonsezi zitatha kapena zili pafupi kutha. Zambia imene ine nidziwa ni ya salaula, ya madzi a m'zigubu zacikasu, na ya misewu imene mvula ikagwa imasanduka mitsinje.

Mwamwayi m'nyumba mwathu muli amai, amene salola munthu kukometsa zakale. Iwo amakumbukila mizele. Amati unali kuuka 4 koloko m'mawa kukaima pa shopu ya boma, osadziwa ngati kwabwela saladi, sopo kapena mcele, ndipo ukafika kutsogolo n'kupeza zatha. Amakumbukila makuponi a unga. Amakumbukila June 1990, pamene mtengo wa unga unakwela kuwilikiza kawili, anthu n'kulowa m'misewu ya Lusaka, masitolo n'kuphwanyidwa, ena n'kufa. Ku Copperbelt zotele zinali zitacitika kale mu December 1986, cifukwa cake unga womwewo. Amakumbukilanso m'mawa umene msilikali Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, anthu n'kuvina kwa maola ocepa mpaka zinadziwika kuti palibe cimene casintha.

“Imwe mukamba za ndeke,” amatelo kwa atate, “munakwelapo ndeke imwe? Ine n'naima pa mzele na mimba ya miyezi isanu na iwili.”

Atate amaseka, koma savomela kugonja. Amati mizele inalipo, cipani cinali cimodzi, pakamwa unali kuyang'ana kumbuyo usanakambe. Koma munthu unali kudziwa kuti mwezi ukatha udzalandila, ndipo unali kugula thumba.

Mmene zinagwela si cinsinsi. Dziko lonse linali litatsamila pa mwala umodzi, kopa. Capakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa kopa unagwa, wa mafuta unakwela, boma linayamba kukongola poyembekezela kuti mtengo udzabwelela. Sunabwelele msanga. Obweleketsa anabwela na malamulo awo. Pambuyo pa masankho a 1991 makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa. Zambia Airways yakale inatha mu December 1994, migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000. Malile anatseguka, katundu wochipa wakunja anadzaza misika, ndipo mafakitale athu ambili analephela kupikisana nawo.

Kampani ya atate inatsekedwa m'zaka zomwezo. Amati anafika m'mawa na cikho cawo ca cakudya n'kupeza geti ili na loko. Ndalama zawo za penshoni zinabwela pang'ono-pang'ono kwa zaka zambili, nazonso mwa pamela, cakuti sizinagule ciliconse cooneka. Cimene cinatsala ni njinga. Njinga imeneyo ndiyo yatilela. Yanyamula malasha, yanyamula matomato na masaka a unga kucoka ku Soweto Market kubwela pa kantemba, inanyamulanso amai usiku kupita nawo ku kiliniki pamene mlongo wanga anali kubadwa.

Mu 2005 nkhongole zambili za dziko zinakhululukidwa. Ine n'nali na zaka 7, sin'nadziwe kuti tsiku limenelo n'nali mfulu. Pamene n'nali ku sekondale tinali titayambanso. Mu 2012 boma linakongola madola 750 miliyoni pa msika wakunja, mu 2014 biliyoni imodzi, mu 2015 biliyoni imodzi na kota, kuwonjezela pa nkhongole zina za misewu na mabwalo a ndeke. Mu November 2020 tinalephela kulipila, dziko loyamba mu Africa kucita zimenezo pa nthawi ya kolona. Pakati apo, mu January 2013, anadula maziro atatu pa ndalama yathu. K1,000 inasanduka K1. Tinaona monga zinthu zachipa, koma nsima inali yomweyo. Mu 2024 dola imodzi inali kugulidwa na makwacha opitilila 25, kutanthauza 25,000 a ndalama imene atate anali kulandila. Dzina la ndalama yathu limati kwaca. Ise tikali kuyembekezela dzuwa.

Zonsezi n'nali kuzidziwa bwino, ndipo n'nali katswili pozikamba. Nili na dipuloma ya zamalonda imene ili m'sutikesi pansi pa bedi, pafupi na khadi la nchito la atate. Mu August 2021 n'naima pa mzele wovota kuyambila usiku, pamodzi na anzanga ena amene anavala mikanjo yawo ya giladuweshoni kuti dziko lione kuti tinaphunzila koma tilibe nchito. Makalata ofunsila nchito n'nalemba mpaka n'nasiya kuwelenga. Mu 2022 n'nacita lendi kacipinda pafupi na siteshoni ya mabasi, n'nagula galasi, mpando na makina awili, n'kuyamba kugela anthu. Pa Facebook n'nali kulemba mwaukali za anthu amene anakongola m'dzina lathu popanda kutifunsa. Anthu anali kukonda zolemba zanga.

Ndiyeno 2024 inafika. Caka cinayamba na kolela. Odwala anaculuka mpaka bwalo la mpila la Heroes linasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo ise a mu komboni tinali kuyang'ana madzi a m'kapu monga mdani. Tisanapume, mvula inasowa. Kumapeto kwa February pulezidenti analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Pafupi-fupi theka la cimanga cimene cinabzalidwa linauma m'minda. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo popeza malaiti athu ambili amacokela ku madzi, mdima unatsatila njala. Mu March anali kuyenda maola 8 pa tsiku. Pofika September anali maola 21.

Amene munali mu komboni mukumbukila mmene usiku unasandukila usana. Ca m'ma 1 koloko mwana wina anali kukuwa kuti “Yabwela!” ndipo komboni yonse inali kuuka. Wowochelela zitsulo anali kuyatsa makina ake, asisi a pa saluni anali kuitana makasitomala pa foni, ena kusita, ena kuchaja mafoni asanu pa soketi imodzi. Ine n'nali kuthamangila ku babashopu nitavala tilauzi cam'mbuyo. Usiku wina n'nagela kondakitala wina mbali imodzi cabe, malaiti n'kuyenda. Anagwila nchito masiku awili atavala cisoti ca ubweya m'dzuwa la September. Tinaseka, koma lendi sinali kuseka. N'nali nitatsalila miyezi iwili.

Mwezi umenewo atate anapita ku Katete. Atete, alongo awo, sanakolole kanthu, ndipo anafuna kukaona mmene angathandizile. Anati adzakhalako milungu ingapo. Njinga inatsala m'khonde, yomangidwa na cheni.

N'nali nitaona makina ogelela ochaja, kabatile na kasola kakang'ono. Zonse pamodzi K1,500. N'nawelengetsa monga munthu wa dipuloma: nikakhala ndekha wogela masana pa siteshoni yonse, ndalamazo zidzabwela pa milungu itatu. N'napita kwa munthu wa kaloba. Mukudziwa malamulo ake: watenga K1,500, mwezi ukatha ubweza K2,250, ndipo usiye cikole. Anakana foni yanga, anakana galasi. Ananifunsa za njinga ya mdala imene amaiona ikudutsa na masaka.

N'naikankha usiku. Amai n'nawauza kuti yapita kukakonzedwa mabuleki. Kwa mwezi wathunthu analipila anyamata a wilibala na minibasi kuti katundu afike pa kantemba, ndalama imene sanalipilepo kuyambila kale. Sanadandaule. Anangocepetsa pang'ono unga wa mu kapu yobiliwila ija.

Cimene sin'nawelengetse n'cakuti makasitomala anga nawonso analibe ndalama. Wowochelela zitsulo amene sanagwile nchito mlungu wonse saganiza za tsitsi. Ana anayamba kugeledwa ku nyumba na lezala. Mwezi utatha n'nali na K900. Wa kaloba anailandila mwaulemu, n'kuniuza kuti zotsala zabeleka, tsopano ni K2,025.

Atate anabwela kutatsala masiku atatu kuti pa 24 October pafike. Anali ataonda. Anaona cheni ili lende m'khonde, sanakambe kanthu. Pa tsikulo Zambia inakwanitsa zaka 60, nawonso cimodzi-modzi. Amai anagula zidutswa za nkhuku, tinadya pa kandulo. Titasamba m'manja anafunsa mwakacetecete kuti mabuleki amenewa ni a mtundu wanji amene amatenga mwezi na theka.

N'nawauza zonse. N'nayembekezela kukalipilidwa, ndipo n'nali nitakonza mayankho: cilala, Kariba, lendi, boma. Iwo anayang'ana kandulo nthawi yaitali.

“Unafunsa ndani?”

N'nati n'nafuna kuiwombola iwo asanabwele.

“Sindiye vamene nafunsa. Nati unafunsa ndani? Foni nili nayo. Amai ako ali pano. Sembe unanifunsa, kapena sembe n'navomela. Njinga ni cisulo cabe, mwana wanga.”

Anakhalanso cete, kenako anakamba cinthu cimene sin'namvepo m'nthano zawo zonse za kale. Anati tsiku lija la loko pa geti, cimene cinawawawa kwambili si nchito. Anali kudziwa kuti kampaniyo inali kudwala, anali kuona okha mmene zipangizo zinali kusowela. Cinawawawa n'cakuti anagwilapo zaka khumi, ndipo panalibe munthu mmodzi amene anaona kuti n'koyenela kuwakhazika pansi na kuwauza.

Usiku umenewo sin'nagone. N'naganiza za zolemba zanga za pa Facebook. N'nali nitatenga cinthu cimodzi cimene cinali kubweletsa ndalama m'nyumba, n'kucipeleka cikole pa ciwongoladzanja coopsa, modalila kuti zinthu zidzayenda bwino, popanda kufunsa eni ake, ndipo amene analipila mwakacetecete ni mayi wa pa kantemba na makasitomala ake amene pamela wawo anacepa. Kusiyana kwa ine na anthu amene n'nali kuwatukwana kunali maziro cabe.

Musanimve molakwa. Sinikamba kuti ise a mu komboni ndife tinagwetsa dziko. Mayi wogula pamela sagula cifukwa ca ulesi, amagula cifukwa m'manja muli K10 ndipo ana ali na njala lelo. Amene anasaina mapepala a mabiliyoni analibe njala imeneyo, ndipo mlandu wawo ni wawo. Koma naona kuti moyo wa pamela sumathela m'poto. Umalowa m'mutu. Ukazolowela kuganiza za lelo cabe, mawa amakhala cinthu cimene ungagulitse. Munthu amagulitsa njinga, dziko limagulitsa zaka za ana amene sanabadwe.

Cimene cimaniopsa kwambili si mtengo wa unga. Ni mau akuti tazolowela. Malaiti akabwela maola atatu timaomba m'manja monga talandila mphatso. Kolela timaichula monga nyengo, pamodzi na mango na inswa. Wandale akabwela na citenge na K50 timavina, n'kumupatsa zaka zisanu. Zimene timapempha kwa dziko lathu nazonso zalowa m'kapulasitiki. Atate, ngakhale amanitopetsa na kale wawo, ali na cinthu cimene ine nilibe: anaonapo thumba lathunthu, conco amadziwa kuti pamela ni wocepa. Ise tinabadwila pa pamela. Tingafe tikuganiza kuti ndiye muyezo wa moyo.

Si zonse zimene zili mdima. Kuyambila 2022 mlongo wanga amaphunzila popanda kulipila, ngakhale kuti m'kalasi mwawo ena amakhala pansi. Nkhongole zija anakambilana kuti zilipilidwe pang'ono-pang'ono. Mvula inabwelanso, cimanga cinaca. Koma mvula si pulani. Damu la Kariba linamangidwa atate asanabadwe. Pa nthawi ya ufulu tinalipo anthu osakwana mamiliyoni anayi, kalembela wa 2022 anapeza kuti tatsala pang'ono kufika mamiliyoni 20, ndipo tikali kuyang'ana kumwamba kuti tidziwe ngati tidzagwila nchito. Cilala cidzabwelanso. Funso n'lakuti cidzatipeza na ciani.

Njinga n'naiwombola mu November, koma osati ndekha. N'naitana anzanga anayi a pa siteshoni: wowochelela zitsulo, asisi a pa saluni, mnyamata wa pa buthu ya ndalama za pa foni, na wokonza mafoni. N'nawauza zimene n'nacita popanda kubisa. Atatu mwa iwo anaulula kuti nawonso ali m'manja mwa kaloba. Tinayamba cilimba ca K400 aliyense pa mwezi, ndipo ananipatsa ulendo woyamba. Amai athu akhala akucita cilimba zaka zonsezi, ise anyamata tinali kuciona monga ca azimai a ku chalichi. Tili na buku, ndipo lamulo loyamba m'bukumo n'lakuti palibe wogwila ndalama popanda kufunsa onse.

N'nauzanso amai kuti aneba anayi angasonkhe, n'kugula thumba limodzi, n'kugawana. Ananiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

“Manje iwe, unagulitsa njinga, lelo ufuna kunipha na bizinesi?”

Koma mwezi wotsatila n'naona mayi wa kuseli uja na anzake awili akugawana thumba pakhomo pathu, amai akuwayezela na kapu yawo yomwe ija.

Njingayo inabwela ilibe belu na pampu. Atate sanafunse. Anaitembenuza matayala m'mwamba, n'kuyamba kudontheza oilo pa cheni, diso limodzi atatsinzina. Mlongo wanga, amene anali giledi 9, anagwada pambali n'kupukuta dothi pa kacizindikilo ka kutsogolo.

“Atate, iyi njinga inacokela ku China olo ku India?”

“Ku Chipata.”

Anaseka, poganiza kuti akumunamiza. Ataona kuti palibe wina amene akuseka, anayang'ananso njingayo, n'kugwila cisulo cake monga akuciona koyamba.

“Ise? Tinali kupanga njinga ise? Nanga tinalekela ciani?”

Atate anayang'ana ine. Ine n'nayang'ana amai. Amai anatapa unga, anagwedeza kapu, n'kumanga mfundo. Tsiku limenelo palibe anamuyankha, koma mwanayo sanaleke. Amafunsabe mpaka lelo, pa cakudya, pa njila, ngakhale kwa aphunzitsi ake. Amai amati watitopetsa. Atate amati mumuleke.